Chidikiro cha ku Ulongwe: tichitche dzina la Dr Vaquina?

Wapampando: Abale ndi alongo a ku Angónia, komiti yavomereza zomanga chidikiro cha amayi oyembekezera pafupi ndi chipatala cha ku Ulongwe. Yatsala ndi nkhani ya dzina. Ena apereka la Dr Alberto Vaquina. Tiyeni tikambirane.

Mlembi: Ine ndikugwirizana nalo. Bambowa ndi dokotala, anabadwira ku Nampula mu 1961, za udokotala anaphunzira ku Porto, dziko la Portugal. Anakhala bwanamkubwa wa Sofala kuyambira 2005, mu 2010 n'kubwera kuno ku Tete. Mu 2012 pulezidenti Guebuza anawasankha kukhala nduna yaikulu m'malo mwa Aires Ali, udindo umene anaugwira kufikira 2015. Nyumba ya zaumoyo ikuyenera dzina la munthu wa zaumoyo.

Aphunzitsi opuma: Alembi, mbiriyo mwaifotokoza bwino, koma mwalumpha Cateme, malo amene anasamutsirako anthu a ku Moatize. Mu Januwale 2012, a Vaquina ali bwanamkubwa wa Tete, mabanja amene kampani ya Vale inawasamutsa ku Moatize chifukwa cha mgodi wa malasha anatseka njanji ya Sena. Madandaulo awo anali minda yosabereka, madzi, komanso nyumba zimene zinayamba kung'ambika zisanathe n'komwe zaka. Boma linatumiza apolisi. Ambiri pagulu pano tili ndi achibale kumeneko, ndipo dzinalo likalembedwa pakhoma adzatifunsa.

Mlembi: Zoona aphunzitsi, koma nthawi imeneyo bwanamkubwa ankangoikidwa ndi pulezidenti, ndipo mapangano a migodi ankasainidwa ku Maputo. Kusankha bwanamkubwa pa voti kunayamba mu 2019.

Aphunzitsi opuma: Wosamalira chigawo anali iwo basi. Amene anasamutsidwa sakanafika ku Maputo, khomo lawo linali ofesi ya ku Tete.

Amisiri omanga: Makosana, dzina lisatiiwalitse maziko, poti n'zomwe zinalirizitsa anthu ku Cateme. Pulani imene yatumizidwa ikuti tikumbe masentimita 30. Sizikwanira. Tikumbe kufika pa nthaka yolimba, osachepera masentimita 60, m'lifupi 60. Konkire ya pansi ikhale mlingo umodzi wa simenti, milingo iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala, kuyeza ndi chidebe chimodzi chomwecho. Mchenga ukhale wa kumtsinje, wosasakanikira dothi. Tiyale pulasitiki tisanathire silabu kuti chinyezi chisakwere m'khoma. Pamwamba pa mawindo pazungulire lamba wa konkire wa zitsulo zinayi za mamilimita 12. Ndipo konkire ithiriridwe madzi masiku 7, m'mawa ndi madzulo. Ikauma msanga imang'ambika.

Mayi a komiti ya amayi: Amisiri, onjezerani khitchini ya panja, mabafa ndi chimbudzi chapafupi chokhala ndi getsi. Mayi wa miyezi isanu ndi inayi sangayende mtunda usiku. Kuno mu Juni kumazizira kwambiri, choncho mawindo akhale agalasi. Za dzina, ine ndikuti Chidikiro cha Amayi a ku Angónia.

Msungichuma: Maziko akuyawo awonjezera simenti ndi miyala. Amisiri atipatse mndandanda watsopano tisanauze anthu zopereka. Komanso malowo ndi a chipatala, ndiye dzina lililonse lidutse ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Angónia.

Wapampando: Maina awiriwo tivota Loweruka. Amisiri, mndandanda ufike pofika Lachinayi.