Ma share ndi chakudya chaulere, kapena malipiro okwera?

Wa backend (wolemba mapulogalamu a kompyuta): Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndili ndi ma offer awiri a ntchito kuno ku Dublin, ku Ireland, yoyamba ndi kampani yayikulu ya ku America, basic yake ndi yotsikirapo koma akuti andipatsa ma share a kampaniyo aja amati RSU (operekedwa kwa antchito ngati gawo la malipiro), chakudya chaulere ku ofesi, jimu, inshuwalansi yachipatala ndi zina zambirimbiri. Inayo ndi banki, malipiro okwera koma za ma share palibe. Kumudzi ndimatumiza fizi ya ana a achemwali teremu iliyonse ndiye sindikufuna kungotengeka.

Wa HR: Achimwene musanasaine afunseni vesting schedule, ndondomeko ya nthawi imene ma sharewo azisanduka anu, ikhale yolembedwa osati yapakamwa. Nambala yayikulu ya ma share imene akuonetsaniyo si yanu lero, imabwera pang'onopang'ono pa zaka 4. Ku Meta, eni ake a Facebook, imagawidwa mofanana, 25% chaka chilichonse, pomwe Amazon imadziwika ndi 5% chaka choyamba, 15% chachiwiri, kenako 40% ndi 40%, nchifukwa chake amaikapo bonasi ya cash zaka ziwiri zoyambazo kuti mphako isaoneke. Mukachoka kapena akakuchotsani zisanakwane, zotsalazo zapita basi.

Wa data: Zachakudyazo musaziwerengere nkomwe, sizili mu kontilakiti. Meta mu 2022 inathetsa zochapira anthu zovala, chakudya chamadzulo nkuchisuntha kuchoka 6 koloko kupita 6:30, ndipo Novembala chaka chomwecho inachotsa anthu 11,000. Google nayo 12,000 mu Januwale 2023. Komanso tisanamizane, wodya mgonero ku ofesi ndi munthu amene sanaweruke.

Wa backend: Hahaha koma lunch ku Dublin ndi yodula bwana.

Wa data: Ndi yodula inde koma fizi simungalipire ndi lunch.

Wa akaunti: Onjezanipo msonkho. Ku Ireland ma RSU akangogwa m'manja mwanu Revenue, bungwe lotolera misonkho, imawatenga ngati malipiro, amadula kudzera pa PAYE pamodzi ndi USC (msonkho wina wapamalipiro) ndi PRSI (ya inshuwalansi ya boma), ndipo pamalipiro a ma dev (olemba mapulogalamu) zimenezi zimadya pafupifupi theka. Inshuwalansi yolipiridwa ndi kampani nayonso amaidula msonkho ngati benefit in kind (phindu lolandira pantchito losakhala ndalama), si yaulere kwenikweni. Ine ndikanatsegula Excel, chaka ndi chaka, basic, bonasi, ma share a chaka chimenecho chokha, penshoni imene abwana akuikapo, kenako nkuchotsa msonkho. Ma sharewo muwawerengere pamtengo wotsikirapo chifukwa mtengo wa ma share umagwa, amene anali nazo mu 2022 anaona.

Wa HR: Ndipo offer ya banki ija ndi chida, atumizireni a recruiter (olemba anthu ntchito) a kampani ya ku America ija muwauze kuti basic ayikweze. Akakana pemphani sign-on, bonasi yolandira mukasaina kontilakiti, nthawi zambiri pamenepo ndi pomwe amafewa. Mufunsenso ngati inshuwalansiyo ikutenga mayi akunyumba ndi ana.

Wa backend: Ndawerengera usiku, chaka choyamba banki ikuposa, kuyambira chachitatu ndi aku America. Ndawalembera kuti andipatse schedule ndi kukweza basic, akuti ayankha Lachinayi.