Thandizeni: zithunzi za usiku umene anawombera Robert Kennedy zinapita kuti?

Moni nonse akuluakulu. Ndikukonza phunziro la ana anga a kalasi yojambula, koma ndafika pouma.

Nkhani ndi ya pa 5 June 1968, pomwe Sirhan Sirhan anawombera Robert F. Kennedy, senata wa ku America yemwe ankafuna kuimira upulezidenti, m'khitchini ya Ambassador Hotel ku Los Angeles. Chithunzi chotchuka ndili nacho, chija anajambula Bill Eppridge wa magazini ya Life, Kennedy ali gone pansi, mnyamata wogwira ntchito pahotelopo atagwada pambali pake. Zimene ndikufuna ndi za Scott Enyart, yemwe panthawiyo anali ndi zaka 15 ndipo ankajambulira nyuzipepala ya kusukulu kwawo. Apolisi anamulanda mafilimu usiku womwewo. Mu 1988 zikalata za mlanduwu zitatsegulidwa ku California State Archives, zinaululika kuti apolisi anatentha zithunzi zoposa 2,400 m'chaka cha 1968 chomwecho. Enyart anakasuma, ndipo mu 1996 manegetivu amene ankati ndi ake anabedwa m'galimoto ali pa ulendo wopita kukhoti. Zimenezi zokha zimandikhalitsa pansi.

Ndafufuza pa Google mpaka bandulo kutha kawiri, ndaonera makanema ambiri pa YouTube, ndalemberanso malo ena osungira zakale, koma mpaka lero zii.

Kodi alipo amene anaonapo zithunzi za Enyart zimene zinapulumuka, makamaka za m'holo ya hoteloyo momwe Kennedy ankalankhulira asanawomberedwe? Ngati zilipo, ndingazipeze kuti zooneka bwino zoti n'kusindikiza? Zikomo kwambiri.