Ugadi wa pa sitima kapena ntchito ya m'yadi: ndiyambire pati?

Mnyamata wa ku Matero:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo ntchito ya njanji. Ndinamaliza Giredi 12 chaka chatha, ndipo amalume akundilimbikitsa kuti ndikadzamva kuti akulemba anthu, ndidzakayese mwayi. Chimene sindikumvetsa ndi kusiyana kwa ntchito ya gadi, amene ena amamutcha kondakitala, ndi ya mkulu wa yadi, malo aja oimikapo ndi kulumikizirapo mabogi a sitima. Kodi wongochoka kusukulu amayambira pati, nanga ndi iti imene ingandilole kumagona muno mu Lusaka, poti amayi anga ndi odwaladwala?

Wopuma ntchito wa ku Kabwata:

Mwanawe, ukulu wa yadi munthu sayambira pomwepo. Ine ndinayamba ngati shanta, kulumikiza ndi kumasula mabogi, ndipo panapita zaka zambiri ndisanapatsidwe yadi yoti ndiyang'anire. Mkulu wa yadi ndiye amadziwa bogi iliyonse imene yaima m'malo ake, chimene yanyamula ndi kumene ikupita. Iye ndiye amalamula kuti yamkuwa ilowe mzere uwu, yamafuta ipatukire uko, ndi kuti sitima yopita ku Kapiri Mposhi imangidwe mwa ndondomeko yoti mabogi otsala panjira asavute kumasula. Akalakwitsa, bogi ya ku Ndola imakapezeka ku Livingstone.

Chimene ndikufuna uchimve bwino ndi ichi: bogi yoyenda yokha siimveka. Injini imalira, koma bogi imene yakankhidwa n'kusiyidwa imabwera mwakachetechete, makamaka usiku wa mwezi wa June pamene munthu wafunda chipewa mpaka m'makutu. Tsiku lina ndinaiwala kumanga buleki yamanja pa bogi ya feteleza, ndipo ndinangomva mnzanga akundikoka kolala ya ovolosi pamene chitsulocho chinkadutsa pomwe ndinaima. Nyali yanga inaphwanyikira pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo sindinalowenso pakati pa mabogi ndisanaone ndi maso anga kuti dalaivala waona chizindikiro changa n'kuima.

Adzakupima maso ndi makutu. Wosatha kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira ntchitoyi samulemba, ngakhale akhale ndi satifiketi yabwino chotani.

Mayi wa ku Chilenje:

Ine ndiyankha za kugona pakhomo, popeza malemu bambo a ana anga anali gadi. Mwananga, ngati amayi ako amafuna wowayang'anira usiku, ugadi udzakuvuta. Sitima ikanyamuka gadi amapita nayo, ndipo ikaima m'tchire kuyembekezera inzake kuti idutse, chifukwa njanji yathu ndi ya mzere umodzi, nayenso amayembekezera momwemo. Ndinkawaikira ufa, kapenta ndi kapoto m'chikwama, osadziwa ngati abwera mawa kapena mkuja. Ntchito yawo inali kuonetsetsa kuti mabuleki akugwira mpaka bogi yomaliza, kusunga mapepala a katundu ndi kuloleza dalaivala kuti anyamuke. Pa sitima ya anthu pamawonjezeka matikiti ndi milandu ya okwera, ndipo ankanena kuti woledzera mmodzi amatopetsa kuposa mabogi makumi awiri a malasha.

Mphunzitsi wa ku Emmasdale:

Ndiwonjezere pang'ono pa zimene akuluwa anena. Ngakhale wa m'yadi asadalire kuti adzakhazikika mu Lusaka, chifukwa likulu la Zambia Railways lili ku Kabwe, ndipo munthu amatumizidwa kumene kuli ntchito. Mzinda wathu uno unayamba mu 1905 ngati kamalo kopatukirapo sitima, koma mtima wa njanji unakakhala ku Kabwe, kumene njanjiyo inafika mu 1906. TAZARA ndi kampani ina payokha: njanji yake ya makilomita 1,860 imayambira ku Kapiri Mposhi kukathera ku Dar es Salaam, ndipo sukulu yake yophunzitsa antchito ili ku Mpika. Kwa ife a kummawa palinso njanji ya Chipata ndi Mchinji imene inatsegulidwa mu 2010, koma siinalumikizane ndi ya kuno.

Mnyamata wa ku Matero:

Zikomo kwambiri nonse. Ndaona kuti ndiyambe ndapimitsa maso kuchipatala, kenako ndikhale pansi ndi alongo anga tikambirane za amayi. Agogo a ku Kabwata, kodi mashifiti a usiku m'yadi munkasinthana motani?