Kodi mpingo ungasumire munthu woipitsa mbiri yake n'kulandira chipukuta misozi?

Wofunsa:
Akuluakulu a pagulu pano ndithandizeni nzeru, makamaka inu odziwa zamalamulo. Ine ndi mlembi wa mpingo, dzina sinditchula. Pali m'bale wina anatuluka mumpingo chaka chatha atayambana ndi abusa, ndiye masabata awiri apitawa walemba pa Facebook kuti mpingo wathu ndi wonyenga, timasocheretsa anthu, komanso eti ndalama zomwe tinasonkha zomangira tchalitchi akulu ampingo anagawana. Anthu asheya kwambiri moti ena asiya kupereka, bungwe lina lomwe limafuna kutithandiza pa zomangazo lati liyambe laona kaye. Komiti yandituma ndifufuze, kodi mpingo paokha ungapite kukhoti kapena akasume ndi abusa? Nanga khoti lingatipatse ndalama?

Bambo a Tadala:
Achimwene werengani 1 Akorinto 6, Paulo anakana zotengerana kumakhoti. Muitaneni mukambirane basi.

Wofunsa:
Tamuitana kawiri bambo, foni sakuyankha, m'malo mwake akungowonjezera ma post.

Mai Loya:
Malamulo amasiyana dziko ndi dziko koma funso loyamba lomwe loya aliyense akufunseni ndi lakuti mpingo wanu unalembetsedwa kuboma ngati bungwe loima palokha kapena ayi. Ngati muli ndi satifiketi ndi matrasti (anthu oyang'anira katundu wa mpingo mwalamulo), bungwelo limatha kusuma m'dzina lake. Ngati ndinu gulu longosonkhana, m'maiko ambiri otsata malamulo a ku England gulu lotere silisuma pa mlandu woipitsa mbiri, amasuma ndi munthu amene mawuwo akumuloza. Apa "akulu ampingo" ngati alipo asanu okha aliyense akudziwika, ndiye aliyense ali ndi poyambira, koma kunena kuti mpingo wonse wa anthu zikwizikwi ndi akuba palibe membala angati akunena ine.
Chinanso, post imeneyo muigawe pawiri. Zakuti ndinu mpingo wonyenga ziiwaleni, jaji sakhala pansi kuweruza kuti chiphunzitso choona ndi chiti, amenewo ndi maganizo a munthu. Ku Texas mu 2006 khoti la apilo linakana mlandu wa mpingo wina womwe buku linautchula kuti ndi kagulu kosocheretsa, linati imeneyo ndi nkhani ya chikhulupiriro. Koma kugawana ndalama ndi nkhani yoti inachitika kapena sinachitike, pamenepo ndi pomwe pali mlandu.

Kadzidzi:
Ine ndinamva kuti mabungwe saloledwa kusuma za mbiri, eti?

Mai Loya:
Mwasakaniza achimwene, amenewo ndi makhonsolo a boma, mlandu wa Derbyshire County Council ndi Times Newspapers wa 1993 ku Britain. Mpingo si boma.

Nachisale:
Komatu musaganize kuti kusuma ndi kuwina. A mpingo wa Church of Scientology anasumira magazini ya Time ku America mu 1992 kufuna madola 416 miliyoni, mlandu unathetsedwa mu 1996, apilo inakanika mu 2001, zaka zonsezo akulipira maloya ndipo sanalandire kanthu. Ku America gulu lotchuka limayenera kuonetsa kuti wolembayo ankadziwa kuti ndi bodza kapena sanasamale n'komwe, zovuta kwambiri. Ndipo m'bale wanuyo ali nazo ndalama zoti n'kukulipirani? Mutha kuwina pepala lokha.

Mai Loya:
Zoona achemwali. Komanso bungwe lilibe mtima woti lasweka, ndiye chipukuta misozi chake chimatsamira pa zomwe mwataya, sungani ma screenshot okhala ndi deti, kalata ya bungwe lomwe limafuna kukuthandizani lija, ndi mabuku oonetsa zopereka post isanatuluke ndi itatuluka. Musachedwe, ku England nthawi yosumira ndi chaka chimodzi chokha, funsani kwanuko. Ine ndikanayamba ndi kalata ya loya yomuuza afufute ndi kupepesa poyera. Koma achimwene ndikufunseni, iye akakanena kuti zomwe analemba ndi zoona, khoti lidzafuna mabuku anu a ndalama onse aonedwe. Ali bwino?

Wofunsa:
Satifiketi tili nayo mai. Za mabukuzo, ma risiti a simenti ndi njerwa amasunga abusa okha, msungichuma wakhala akuwapempha kuyambira Janyuwale. Ndiwafunsenso Lamulungu tisanapite kwa loya.

Kadzidzi:
Mukawafunse pali anthu achimwene, osati awiriwiri.