Wasiya kumwa CPZ chifukwa cha kumunda, nditani?

NaBanda (namwino): Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi mnyamata wa zaka 27 wa matenda a maganizo a schizophrenia, ali pa mankhwala a chlorpromazine (CPZ) 100mg m'mawa, 200mg usiku. Mawu omwe ankamva aja anatha, mpaka anayambanso kupita kutchalitchi. Koma mvula itangogwa wasiya kumwa. Mayi ake abwera naye lero, mapiritsi ali phaa m'kapulasitiki. Akuti akamwa m'mawa amafika kumunda akusinza, akawerama ndi khasu n'kuweramuka amaona mdima, tsiku lina anagwa chafufumimba m'mizere. Pakhosi ndi pamikono patuluka totupa toyabwa. Ndimusinthire mankhwala?

Mwale (kilinikala): Asisi, musafulumire. Wasiya liti? Ndipo mwamuyeza BP atagona, kenako ataimirira?

NaBanda: Sabata yatha. Atagona 118/76, ataimirira 104/68.

Mwale: Ngati ikutsika chonchi asakumwa, ndiye akamwa imagweratu pansi, makamaka ali thukuta kamukamu padzuwa wopanda madzi. CPZ imamasula mitsempha ya magazi, munthu akadzuka mwadzidzidzi magazi amachedwa kufika kumutu. Tisadabwe: mankhwalawa anayamba kugwiritsidwa ntchito ndi Henri Laborit pofuna kukhazika mtima pansi anthu opita ku opaleshoni, kenako mu 1952 Delay ndi Deniker anawayesa pa odwala matenda a maganizo ku Paris. Tulo ndi chibadwa chake. Ife cholakwa chathu n'kupatsa mlimi 100mg m'mawa ngati kuti akukakhala pabenchi ku OPD.

NaPhiri (namwino wa matenda a maganizo): Ndikugwirizana ndi aMwale. Chotsani wa m'mawayo, onse azimwa usiku akatha kudya nsima. Koma poti wakhala sabata osamwa, musayambire pa 300mg. Yambani ndi 100mg usiku, muzikweza pang'onopang'ono mukuona BP. Podzuka azikhala kaye pamphasa pang'ono asanaimirire, ndipo kumunda atenge chigubu cha madzi. Totupato ndi dzuwa, CPZ ndi dzuwa sizimwerana madzi. Chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, ndipo dzuwa likafika pamutu aweruke.

Chisale (wophunzira): Pepani akuluakulu, bwanji osangomuika pa haloperidol? Imeneyo tulo take n'tochepa, BP sigwa kwambiri.

NaPhiri: N'zoona achimwene, koma samalani ndi anyamata a msinkhu umenewu. Ine ndinaphunzira ndi misozi. Ndinapatsa wina haloperidol osawafotokozera achibale, tsiku lachitatu khosi linapindikira kumbali, maso ali m'mwamba, lilime panja. Mukudziwa kumene anapita naye? Kwa sing'anga. Anabweranso patatha miyezi isanu atamangidwa zingwe. Mukasankha haloperidol yambani pansi, benzhexol (Artane, mankhwala omasula minofu ikakungika) akhale pafupi, ndipo amayiwo muwauziretu kuti khosi likapindika si ufiti ayi, athamangire kwa inu. Artane ameneyonso asunge ndi mayi ake, anyamata ena amamumwa ngati bibida.

Mwale: Akadzasiyanso ngakhale mwakonza zonsezi, ganizani za Modecate, jakisoni wokhalitsa m'thupi, kuyamba ndi 12.5mg yoyesera, ngati ku pharmacy kwanu ilipo. Chimodzi musaiwale, kaya ali pa mankhwala ati: akabwera thupi lili moto, minofu yauma gwa, mutu wasokonekera, musangoyeza malungo n'kumupatsa LA. Siyitsani mankhwala, mutumizeni kuchipatala cha boma tsiku lomwelo.

NaBanda: Zikomo kwambiri nonse. Ndalemba 100mg usiku wokha, abwerenso pakatha masabata awiri ndidzamuyezenso ataimirira. Mnyamatayo ndamufunsa yekha, wavomera, bola asamagone pakhasu. Chipewa akuti atenga cha malemu bambo ake. Ndithamange, amayiwo akudikira ndi wakabaza panja ndipo kwayamba kuda mitambo.