Mwana wanga ayambe ndi nyimbo ziti pa gitala?

Mayi wa ku Chibavi: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mnyamata wanga wa Fomu 2 wakhala akulirira gitala, ndiye ndinamugulira yakale ya nsambo zachitsulo. Khumbo lake n'loti adzaimbire kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwathu kuno ku Mzuzu. Akuphunzira yekha pa YouTube, koma nyimbo zonse akutsatirazo n'zachizungu zoti mawu ake sawadziwa n'komwe. Ayamba iyi, aisiya, ayamba ina, bandulo n'kumangotha. Pano wakanirira pa kodi (kagwiridwe ka nsambo zingapo pamodzi) ina akuti F, nsonga za zala zafiira, gitala yangotsamira kuseri kwa chitseko. Zikundiwawa chifukwa mwanayu khutu ali nalo, kwaya ikaphonya amamva msanga kuposa ine. Inu munayamba ndi nyimbo ziti?

Mphunzitsi wa kwaya, Katoto: Amayi, F ayambe waisiya. Imafuna chala chimodzi chigone pa nsambo zonse zisanu ndi imodzi, ndipo yagwetsa ulesi anthu ambiri. Agwire G, C ndi D basi. Makorasi ambiri amene timaimba m'matchalitchi muno, a Chichewa ndi a Chitumbuka omwe, amangozungulira pa makodi atatu otere. Asankhe korasi imodzi imene amaiimba ngakhale akutsuka mbale. Nyimbo ikakhala ili kale m'mutu, khutu limamuuza lokha kuti apa sintha, sachita kudikira munthu wa pa foni. Dzanja lamanja lizingotsika pansi, wani, thuu, firii, folo, pang'onopang'ono, kukometsera kudzabwera m'mbuyo. Imeneyo ikamayenda osadukiza, awonjezere Em. Ndi makodi anayiwo aimba nyimbo zambirimbiri.

Wa ku Luwinga: Musanamuone ngati waulesi, yang'anani gitalayo. Pa fret ya 12 (mafret ndi tizitsulo topingasa pakhosi la gitala, kuwerenga kuchokera kumutu kwake), mpata wa pakati pa nsambo ndi kachitsuloko uzikhala mamilimita awiri kapena atatu. Magitala akale ambiri khosi lake linapindika, nsambo zili m'mwamba, moti ngakhale katswiri zala zingamupweteke. Nsambo zikhalenso zopyapyala, za saizi 10 kapena 11. Chinanso, chinyezi cha Mzuzu chimabweretsa dzimbiri msanga, ndiye akamaliza kuimba azipukuta nsambo ndi kansalu kouma, ndipo asamaitsamize kukhoma lozizira.

Gogo wa ku Chiputula: Aphunzitsi, ine ndisiyana nanu pang'ono. Ife tinayambira pa banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo zake mawaya a buleki ya njinga, makodi tinalibe nawo ntchito. Unkasaka nyimbo pa nsambo imodzi mpaka ituluke yokha. Mdzukuluyo ayese nyimbo ya fuko lathu motero, mzere woyamba wokha, poti waiimba pa asembule kuyambira Sitandade 1. Kenaka nyimbo za paukwati zija. Amvetserenso a Daniel Kachamba a ku Chileka, amve mmene besi ndi nyimbo zimayendera limodzi pa gitala imodzi. Ana a lero zala amazidziwa poika, koma ukawayambitsira nyimbo osawauza kiyi amangokuyang'ana.

Mphunzitsi wa kwaya, Katoto: Agogo mwanena zoona, ziwirizi sizilimbana. Madzulo makodi, m'mawa khutu.

Mtsikana wa ku Mzuni: Mayi, aikenso tuner yochunira nsambo pa foni, zaulere zilipo. Kuchokera pa nsambo yonenepa, azichuna E, A, D, G, B, E. Gitala yosachuna imanamiza mwana kuti akulakwitsa. Zala zimauma zokha pakapita masabata angapo, bola aziimba mphindi 15 tsiku lililonse kusiyana ndi maola atatu Loweruka lokha.

Mayi wa ku Chibavi: Zikomo nonse. Tayeza ndi rula yake ya kusukulu, mpata uja wadutsa mamilimita asanu! Ndiye mwana wanga amavutika ndi chinthu choti si iye. Ndifufuza wokonza. Koma wandifunsa kuti, makorasi ena kwaya yathu imaimba pa kiyi ya A, nanga G, C ndi D zimuthandiza bwanji?

Wa ku Luwinga: Mumugulire capo, kachipani kopanira nsambo. Akaika pa fret yachiwiri n'kugwira G, C ndi D zomwezo, zimveka A, D ndi E, afanana ndi kwaya. Wokonzayo mumuuze ayambe waona khosi asanapale kafupa ka kumunsi komwe nsambo zimatsamirapo, chifukwa akapala mopyola nsambo zizikhudza zitsulo n'kumalira ngati zang'aluka.