Zokambirana za njira ndi chikwangwani cha ku linga la pa phiri la Mangochi

Wapampando: Akuluakulu nonse, komiti yabweretsa ganizo lakuti ndalama za chaka chino tilambulire njira yokwera ku linga lakale la pa phiri la Mangochi, komanso tiikepo chikwangwani chofotokoza mbiri yake. Tikupempha maganizo anu tisanapite kukaonana ndi a boma.

Msungichuma: Zikomo a Wapampando. Sindikutsutsa mbiri, koma tisaiwale kuti tinalonjeza kukonza mjigo wa pa sukulu, ndipo ndalama zomwe zili m'thumba sizingakwanire ntchito ziwiri nthawi imodzi. Amayi akamatifunsa za madzi, kodi tidzawauza kuti tinakonza njira yopita ku makoma a Angerezi?

Mphunzitsi wopuma: Mayi Msungichuma, nkhawa yanu ndi yomveka, koma malo aja anali athu Angerezi asanafike. Paja panali mudzi waukulu wa Mfumu Jalasi, amene Azungu ankamulemba kuti Zarafi. M'chaka cha 1892 iye anagonjetsa asilikali amene Angerezi anatumiza kudzamuthira nkhondo, mpaka kuwalanda mzinga, ndipo boma la atsamunda lotsogozedwa ndi Harry Johnston linadikira kufikira 1895 kuti limuchotse paphiripo ndi gulu lotsogozedwa ndi Major Edwards. Jalasi anathawira ku Mozambique, ndipo pambuyo pake Angerezi anamanga linga la miyala pamalo omwewo, chifukwa munthu akaima pamwambapo amaona njira zochokera ku nyanja kulowera kum'mawa. Linga lija linakhalaponso ndende. Pa nkhondo ya Chiwaya, yomwe ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, linali malo a asilikali a boma la Angerezi otchedwa King's African Rifles, ndipo dera lathu linafunika kwambiri mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, atawoloka mtsinje wa Rovuma mu November 1917 n'kulowa m'dziko la Mozambique, lomwe linali la Apwitikizi. Katundu wa nkhondo ankasonkhanitsidwa ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi Boma, kenako ankakwera mtunda kudzera kuno ku Namwera kupita kumalire, ali pamitu pa anthu.

Membala wa ku Johannesburg: Aphunzitsi, mawu anu omalizawo ndi amene andikhudza. Anthu onyamula katunduwo anali amtengatenga, makolo athu, amene ambiri anatengedwa mokakamizidwa kudzera mwa mafumu, nayenda ndi njala, ena kufera panjira ndi kamwazi ndi malungo. Ku Boma kuli mfuti ya sitima ya nkhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen ndi nsanja ya Mfumukazi Victoria, ndipo aliyense wodutsa amaziona, koma palibe pamene mwana wa sukulu angawerenge za amene ananyamula chakudya ndi zipolopolo. Ngati chikwangwanicho chidzayambe ndi mayina a akuluakulu a nkhondo achizungu, ine sindisonkha nawo.

Membala wa ku Blantyre: Achimwene, ndikugwirizana nanu, koma tisabisenso mbali inayo. Njira zomwezo, asanadutsemo amtengatenga, munkadutsa minyanga ya njovu ndi akapolo opita ku gombe la nyanja ya mchere, ndipo mafumu ena a kuno kwathu ankachita nawo malondawo. Tikalemba za kulimba mtima kwa Jalasi n'kusiya za akapolo, tidzakhala tikunamiza ana athu monga momwe atsamunda ankachitira polemba zabwino zawo zokha.

Mlembi: Ndikumbutseko kuti malo aja ali m'nkhalango yotetezedwa, ndipo lingalo ndi chikumbutso cha dziko, choncho sitingadule mtengo kapena kusuntha mwala popanda chilolezo cha a zankhalango ndi a nthambi yosamalira zinthu zakale. Komanso tisalembe mawu alionse okhudza Jalasi tisanakagwade kwa a T/A Jalasi.

Msungichuma: Ngati zili choncho, zilolezozo zitenga nthawi. Ndikupempha kuti mjigo ukonzedwe tsopano, pamene makalata akuyenda.

Wapampando: Tamvana. Mjigo uyambe mwezi uno. A Mlembi, lemberani a zankhalango ndi a zinthu zakale. Aphunzitsi, tikupemphani mukonze mawu a pachikwangwani m'Chiyao, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, momwe mukhale Jalasi, akapolo ndi amtengatenga, ndipo tidzawawerenge pamodzi tisanapite nawo kwa amfumu.